Shopu ya zitenje ku Limbe: momwe tinasankhira pulogalamu yogulitsira pa intaneti

Nkhani iyi ndi ya shopu ina ya zitenje ndi zovala zosokedwa ku Limbe, imene ndinayamba kuigwirira ntchito mu Ogasiti 2023. Eni ake ndi mayi amene akhala pa bizinesi imeneyi zaka zambiri, ndipo anandilola kufotokoza zimene zinachitika bola ndisatchule dzina lawo kapena la shopuyo. Ndikulembera makamaka anzanga amene timapanga mawebusaiti kuno kwathu. Ambirife, kasitomala akangoti akufuna kugulitsa pa intaneti, timathamangira pulogalamu imene tinaizolowera kapena imene ili m'kamwam'kamwa chaka chimenecho. Pa ntchito iyi ndinapeza mpata woyerekeza modekha mapulogalamu angapo a open source, aja amene code yake ili poyera moti aliyense angathe kuitenga, kuiika pa seva yake ndi kuisintha. Imene inandigwira mtima kwambiri si imene tinasankha.

Shopuyo imagulitsa zitenje za mamita awiri, nsalu zazitali za mayadi 6, zikwama, komanso madiresi ndi mashati amene matelala awiri amasoka kuseri kwa shopu komweko. Ogula ambiri ndi a mu Blantyre, ena ndi a ku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo palinso Amalawi okhala ku South Africa ndi ku UK. Malonda amatentha nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe, pamene banja lonse limafuna nsalu imodzi ya yunifomu, kenako anthu akamakonzekera Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, ndiyeno pa Khrisimasi. Pa kauntala pamakhala mtsikana, mwana wa mng'ono wawo wa mayiwo. Anamaliza Fomu 4, foni amaidziwa bwino, koma kompyuta anali asanaigwirepo kwenikweni.

Zimene ndinapeza

Webusaiti inalipo kale. Anaipanga mnyamata wina cha m'ma 2017, amene pambuyo pake anapita ku Joni kukafuna ntchito. Vuto linadziwika kasitomala wina atalemba pa WhatsApp kuti, "Mayi, linki mwaika pa Facebook ija ikunditengera ku masamba a juga." Mayiwo atatsegula pa laputopu yawo anapeza zonse zili bwinobwino, ndiye anangoti mwina ndi foni ya munthuyo. Madandaulo anapitirira, ndipo ku kampani ya hosting, yosunga webusaiti pa maseva ake, nako kunabwera imelo yoti PHP yakale, chilankhulo cha code chimene webusaitiyo inkayendera, aichotsa pa maseva awo posachedwa. Apa m'pamene anandiitana.

Webusaitiyo inali pa OpenCart 2.3, pulogalamu yogulitsira pa intaneti ya mu 2016, ikuyendera PHP 5.6, imene inasiya kulandira zigamba za chitetezo kumapeto kwa 2018. Theme yake, imene imapereka maonekedwe a webusaiti, inali yogulitsa koma yotengedwa mwaulere pa masamba aja ogawa zinthu zothyoledwa, zimene timati nulled. M'fayilo ya header munali code yobisidwa ndi base64, yoona ngati mlendo wabwera pa foni komanso ngati wachokera ku Google kapena Facebook. Akakhala wotero, inkamutumiza ku juga. Wolemba adiresi yekha pa laputopu sinkamukhudza, n'chifukwa chake eni shopu sankaona kanthu. M'foda ya zithunzi munali mafayilo a PHP amene samayenera kukhalamo, ndipo pa mndandanda wa ma admin panali dzina limene palibe ankalidziwa. Backup kunalibe. Domain, dzina la webusaiti pa intaneti, ndi akaunti ya hosting zonse zinali m'dzina la mnyamata uja, pa imelo yake.

Vuto silinali OpenCart. Pulogalamu iliyonse yosiyidwa zaka zonsezo osaikonza, yovekedwa theme yothyoledwa, ikanagwidwa chimodzimodzi. Chimene chinandiimitsa mutu chinali china: mu database munali maoda owerengeka chabe pa zaka zonsezi. Njira yolipirira inali imodzi, yolipira katundu akafika. Webusaitiyo sinagulitsepo kwenikweni.

Malonda enieni anali m'kope lachikuto cholimba limene limakhala pansi pa kauntala. Ndinapempha kuti ndiliwerenge. Tsamba lililonse linali ndi mizere yojambula ndi rula: tsiku, dzina, foni, katundu, ndalama, ndi danga lomaliza lolembamo chilembo A kapena M, kutanthauza Airtel Money kapena Mpamba. Mwa apo ndi apo munali B ya banki. Pa malo a adiresi panalembedwa zinthu ngati "Chilomoni, kuseri kwa chigayo, geti lobiriwira" kapena "akatengera pa depoti ya basi ku Mzuzu, muimbire mlamu wake." Panalinso zimene sindinkayembekezera: maoda ambiri a anthu a ku UK ndi ku South Africa sankatuluka m'dziko muno. Munthu ali ku Johannesburg ankagulira mayi ake a ku Ntcheu nsalu ya Anakubala. Mwana wawo wa mayiwo, amene ali ku UK, anali atanenetsa kuti webusaiti yatsopano iyenera kumaonetsa mitengo m'mapaundi ndi m'marandi komanso kuwerengera mtengo wotumizira katundu kunja. Kopelo linasonyeza kuti zimenezo zingathe kudikira.

Anzanga, musanatsegule tsamba lililonse loyerekeza mapulogalamu, pemphani kope, ma chat a pa WhatsApp, ngakhale mapepala omata ku khoma. Mndandanda wa zofunika umene kasitomala amakuuzani pakamwa nthawi zambiri umakhala wa shopu imene akuilota. Shopu imene ali nayo lero ili m'kopemo.

Kuyerekeza

Mwana wawo uja ankafuna Shopify, kampani yobwereketsa shopu ya pa intaneti yokonzeka kale, ndipo ndinamumvetsa. Si ya open source, koma imachotsa mtolo wonse wosamalira seva ndi chitetezo, womwe ndi umene unagwetsa webusaiti yoyamba. Chovuta chinali ndalama. Shopify imalipiridwa mwezi ndi mwezi m'madola, Shopify Payments sigwira ntchito ku Malawi, ndipo ukagwiritsa ntchito kampani ina yolandirira ndalama amakudulanso kenakake pa malonda alionse. Mu 2023 ndalama zakunja zinali zitasowa kale m'mabanki, ndipo makhadi ambiri ankakanidwa polipira kunja. Khadi la mayiwo linali litakanidwapo kale pa zinthu zina. Mwezi umene lingakanidwenso, shopu ikanaima. Mwanayo anati azilipira yekha ali kunja komweko, koma mayi ake anakana. Anati safuna bizinesi yawo izidalira thumba la mwana.

Magento sinatitengere nthawi. Inatuluka mu 2008, Adobe inaigula mu 2018, ndipo Magento Open Source 2.4 ndi yamphamvu ndithu. Koma imafuna Elasticsearch kapena OpenSearch, Composer, seva yakeyake yokhala ndi memory yokwanira, ndi munthu woidziwa bwino amene ali pafupi nthawi zonse. Kwa shopu ya katundu mazana angapo, kunali ngati kugula thiraki yonyamulira matumba awiri a chimanga.

Kukhalabe pa OpenCart kunkaoneka kosavuta, poti deta inali momwemo. Ndi yopepuka, imayenda ngakhale pa hosting yotsika mtengo. Koma OpenCart 4, imene inatuluka mu 2022, inali itasintha kapangidwe moti zowonjezera zambiri za OpenCart 3 sizinkagwirapo, ndiye tikanayenera kusankha pakati pa yakale yokhala ndi zida zambiri ndi yatsopano imene zida zake zinali zisanakhwime. Panalinso nkhani ya sitoko. Tengani diresi limodzi la masaizi 12, 14 ndi 16, losokedwa pa nsalu yofiira ndi yabuluu. OpenCart payokha imawerenga masaizi paokha ndi mitundu payokha. Idzakuuzani kuti saizi 14 ilipo ndiponso kuti yofiira ilipo, koma sidziwa kuti saizi 14 yofiira inatha dzulo. Kwa shopu imene telala amasoka madiresi awiri kapena atatu pa nsalu iliyonse, chimenechi si chinthu chaching'ono, ndipo kuchikonza kunafunika chowonjezera chogula.

Zinatsala ziwiri. PrestaShop, ya ku France, yoyamba mu 2007, inapangidwa kuti ikhale shopu basi. Saizi ndi mtundu imaziwerenga pamodzi, ndalama za maiko angapo ndi zilankhulo zingapo zili momwemo, ma invoice a PDF imatulutsa yokha. WooCommerce ndi pulagini ya WordPress, imene inatulutsidwa mu 2011 ndi WooThemes, kampani yokhala ndi mizu ku Cape Town, ndipo Automattic, kampani ya WordPress.com, inaigula mu 2015. Nayonso imawerenga saizi ndi mtundu pamodzi ndipo kwacha imaidziwa, koma zinthu zingapo zimene PrestaShop imabwera nazo, kuno zimafuna mapulagini. Nkhani ya VAT, imene panthawiyo inali 16.5%, zonse ziwiri zinkaitha bwino, choncho sinasiyanitse kanthu.

Ine mtima wanga unali pa PrestaShop. Mpaka lero ndimaona kuti monga shopu inamangidwa mwadongosolo kuposa WooCommerce, imene imakhala pamwamba pa pulogalamu yomwe poyamba inali yolembera nkhani.

Ndinaika zonse ziwiri pa seva yoyesera, iliyonse ndi katundu wochepa, n'kupempha mtsikana wa pa kauntala uja kuti aikemo chitenje chatsopano pogwiritsa ntchito foni yake ya Android ndi bando ya shopu, ine osamuthandiza. Pa PrestaShop anakwanitsa, koma movutikira. Tsamba la admin lili ndi zigawo zambiri, ndipo pa sikirini yaing'ono ankangokulitsa ndi kuchepetsa ndi zala, kasitomala akalowa n'kuiwala pomwe analekezera. Pa WooCommerce anagwiritsa ntchito app yake ya pa foni. Anayala chitenje pa kauntala, kuchijambula, kulemba dzina, mtengo ndi nambala ya zotsala, n'kundionetsa. "Ankolo, iyi ndiye ndiitha ndekha," anatero.

Pomwe panagona nkhani

Zimenezo pazokha sizikanandisuntha, chifukwa munthu amaphunzira. Chimene chinagamula ndi njira yolandirira ndalama. Stripe, kampani yakunja yolandirira ndalama pa intaneti, silandira mabizinesi olembetsedwa ku Malawi. Tinafunika kampani yolumikiza webusaiti ndi Airtel Money, TNM Mpamba komanso makhadi a Visa ndi Mastercard, yolipira eni shopu m'makwacha. Kampani imene tinagwirizana nayo inali ndi pulagini ya WooCommerce yokonzeka kale, imene ankaisamalira okha. Kwa PrestaShop anali ndi API basi, njira yoti mapulogalamu azilankhulana, kutanthauza kuti module yolumikizira ndikanalemba ndekha.

Kulemba module yotere si ntchito yoopsa, ndipo ndinawauza mayiwo kuti ndikhoza. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, inunso tsiku lina mudzachoka ngati mnyamata uja. Ndiye chinthu mwalemba nokhacho adzachikonze ndani?"

Funso limeneli ndi limene tonse tiyenera kumadzifunsa tisanasankhire munthu pulogalamu. Mbali imene imagwira ndalama za shopu ikanakhala code imene munthu mmodzi yekha pa dziko lonse akuidziwa. Kampani ija ikanasintha API, kapena PrestaShop ikanatulutsa mtundu watsopano, shopu ikanadikira ine. Ndinafunsa pa gulu lathu la WhatsApp la opanga mawebusaiti kuti ndani angalandire ntchito ya PrestaShop itapezeka. Anayankha ochepa kwambiri, ndipo onse anali ndi ntchito zina zokhazikika. WordPress pafupifupi aliyense anali ataigwirapo. Si zachilendo, poti mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse pa dziko lapansi amayendera WordPress. Kutchuka komweko n'kumenenso kumachititsa kuti akuba a pa intaneti aziilondalonda usana ndi usiku, ndipo ndinawafotokozera mayiwo zimenezi mosabisa. Tinasankha WooCommerce tikudziwa kuti tasankha chinthu chofuna kuchisamalira mwezi ndi mwezi.

Tinagwirizananso lamulo limodzi: pasakhale pulagini kapena theme yolipira chaka ndi chaka m'madola, ndipo pasakhale chilichonse cha nulled. Ena amati poti WordPress ndi mapulagini ake zili pa layisensi ya GPL, yolola kukopera ndi kugawa code, kutenga kope la pulagini yogulitsa si kuba. Za malamulo tingakambirane tsiku lina. Chimene ndikudziwa n'chakuti kope lotere sililandira zigamba, ndipo simudziwa amene analigwira musanalitenge. Tinatenga theme yaulere ya Storefront n'kuisintha pang'ono kudzera mu child theme. Mapulagini tinaika ochepa: wolandirira ndalama, wa backup, wa cache yofulumizitsa masamba, ndi wofuna nambala yachiwiri polowa ku admin. Hosting tinatenga ku kampani ya kuno yolipiritsa m'makwacha, ngakhale seva yake ili ku Johannesburg, ndipo tinalipira chaka chonse. Satifiketi ya SSL ndi ya Let's Encrypt, yaulere, imene panthawiyo inkadzikonzanso yokha masiku 90 asanathe.

Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44%, dola n'kuchoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pafupifupi K1,700. Aka kanali kachiwiri, poti mu Meyi 2022 inali itatsikanso ndi 25%. Mitengo ya nsalu inakwera ndipo mayiwo anali ndi nkhawa zambiri mwezi umenewo, koma webusaiti sinali pakati pa nkhawazo. Hosting inadzakwera ndithu pofika nthawi yolipiranso, poti kampaniyo nayo imalipira seva kunja, koma inali bilu imodzi, ya m'makwacha, yolipirika pa foni.

Kusamuka

Domain tinaipeza kudzera mwa mchemwali wake wa mnyamata uja, amene anatipatsa nambala yake ya ku Joni. Sanavute konse, anali atangoiwala kuti zinthuzo zili m'dzina lake. Zonse tinazilembetsa m'dzina la mayiwo, pa imelo ya shopu, ndipo ine ndinangopatsidwa akaunti yothandizira. Katundu tinamutulutsa mu database ya OpenCart kupita mu CSV, fayilo ya mizere ngati ya Excel, n'kulowetsa ndi importer imene imabwera ndi WooCommerce. Madiresi tinachita kuwalemba pamanja chifukwa cha kusiyana kwa kawerengedwe ka sitoko kuja. Fayilo ngakhale imodzi ya pa seva yakale sitinaikopere osaiona, ndipo ma akaunti a makasitomala tinawasiya, poti mapasiwedi a pa seva yogwidwa sangadaliridwe. Ma linki akale amene anali atamwazika pa Facebook tinawalozera ku masamba atsopano ndi redirect ya 301.

Fomu ya checkout, tsamba lomalizira kugula, tinaikonza motsatira kope lija. M'malo mwa nambala ya nyumba ndi dzina la msewu tinaika boma, dera, ndi danga lalikulu lofotokozera njira. Foni inakhala yokakamiza. Tinawonjezera dzina ndi foni ya wolandira katundu, chifukwa cha aja ogulira abale. Njira zotumizira zinali zitatu: kudzatenga pa shopu, kabaza wa njinga yamoto mu Blantyre, ndi courier kapena basi kwa akutali. Zithunzi zinkachoka pa foni zili ndi mamegabaiti angapo chimodzi, ndiye tinazichepetsa n'kuzisandutsa WebP, imene WordPress imailandira kuyambira pa 5.8 mu 2021. Wogula amene bando yake ikutha sadikira tsamba lolemera.

Poyesa komaliza tisanatsegule, njira yolipirira sinaoneke pa checkout, pamene pa seva yoyesera inkaoneka. Chifukwa chake chinali chakuti WooCommerce 8.3, ya mu Novembala 2023, inayamba kuika checkout yatsopano, ya ma block, pa shopu zonse zatsopano, ndipo pulagini yathu yolandirira ndalama inkadziwa checkout yakale yokha. Tinabwezeretsa shortcode yakale pa tsambalo ndipo zinatheka. Mwezi wa Okutobala, WooCommerce 8.2 inali itasinthanso kasungidwe ka maoda pa shopu zatsopano kupita ku HPOS, njira yosunga maoda pamalo awoawo mu database. Amene mukuika shopu lero, funsani kampani yolandirira ndalama za zinthu ziwirizi musanayambe.

Oda imene inasowa

Vuto lalikulu linabwera mu Disembala, malonda ali pachimake. Mayi wina wa ku Lilongwe anagula nsalu 6 zofanana za yunifomu ya chinkhoswe Loweruka masana, n'kulipira pa foni. Uthenga wotsimikiza unamufikira, ndalama zinachoka. Lolemba anaimba kufunsa kuti katundu wakwera basi iti. Mtsikana uja atayang'ana anapeza oda yalembedwa kuti yathetsedwa, ndipo nsalu zinayi mwa zimenezo zinali zitagulidwa ndi munthu wina Lamulungu. Mayi wa ku Lilongwe anapsa mtima kwambiri, ndipo m'pomveka, poti chinkhoswe chinali Loweruka lotsatira.

Nazi zimene zinachitika. WooCommerce imasungira wogula katundu kwa mphindi 60 oda ikakhala pa pending payment, ndipo nthawiyo ikatha popanda chitsimikizo cha malipiro, imathetsa odayo n'kubwezera katundu pa malonda. Chitsimikizocho chimafika m'njira ziwiri: wogula akabwerera pa webusaiti atamaliza kulipira, kapena kudzera mu webhook, uthenga umene kampani yolandirira ndalama imatumiza mwachindunji ku seva. Mu log ya seva ndinapeza kuti webhook inkafika koma inkabwezedwa ndi 403, kutanthauza kuti yakanidwa. Firewall ya ModSecurity ya ku hosting, imene malamulo ake anali atasinthidwa sabata yomweyo, inkaiona ngati chiwembu. Maoda ena onse ankadutsa chifukwa ogula ankabwerera pa tsamba. Mayi uyu atalemba PIN pa kabokosi kamene kanatulukira pa foni yake n'kulandira SMS, anaona kuti wamaliza, n'kutseka browser. Umu ndi mmene anthu ambiri amachitira ndi ndalama za pa foni: SMS ikafika, nkhani yatha.

A hosting anatsegulira njira ya webhook tsiku lomwelo. Koma ndinaona kuti gwero la ngoziyo ndi lakuya. Lamulo la mphindi 60 limayenda bwino pamene yankho la malipiro limabwera pompopompo, monga pa khadi. Kuno netiweki imatha kugwa, uthenga n'kuchedwa. Kutalikitsa kwambiri nthawiyo sikukanathandiza, chifukwa anthu ongoyesa n'kusiya akanatsekereza nsalu zimene zilipo ziwiri kapena zitatu zokha. Ndinalemba kapulagini kakang'ono kogwiritsa ntchito filter ya woocommerce_cancel_unpaid_order. Oda isanathetsedwe, kamafunsa kaye ku kampani yolandirira ndalama ngati yalipiridwa. Yankho likakhala loti inde, oda imapitirira. Likapanda kubwera, oda imaikidwa pa on hold, pamene katundu amakhala wosungidwa, ndipo shopu imalandira imelo yoti munthu aone. Popeza iyi ndi code yanga, ndinaisiya yaifupi, yofotokozedwa mzere ndi mzere, ndipo itachotsedwa shopu imayendabe. Tinazimitsanso WP-Cron, imene imayendetsa ntchito za nthawi yoikika koma imadzuka pokhapokha wina akatsegula webusaiti, n'kuika cron yeniyeni ya pa seva.

Mayi eni shopu anazungulira mashopu a pikulitsa mu Limbe mpaka anapeza nsalu yofanana, n'kuitumiza ku Lilongwe pa ndalama zawo. Inafika Lachinayi.

Zitatero tinawonjezeranso njira ina yolipirira imene poyamba ndinkaikana: kutumiza ndalama pa nambala ya shopu n'kulemba transaction ID pa fomu. Ndi ya pamanja, ndipo mtsikana uja amachita kuyerekeza ndi SMS asanavomereze. Koma makasitomala akale anaizolowera, ndipo kampani yolandirira ndalama ikakhala ndi vuto, shopu siima.

Vuto la nsalu imodzi kugulidwa pa kauntala ndi pa intaneti nthawi imodzi silinathe ndi pulogalamu. Mayiwo anapatula shelefu imodzi kumanzere kwa chitseko, n'kumata tepi yachikasu m'mphepete mwake. Zonse za pa webusaiti zimakhala pamenepo. Wolowa m'shopu akafuna chitenje cha pa shelefu imeneyo, mtsikana amayamba wachotsera nambala pa app asanalandire ndalama.

Pambuyo pake

Mu 2024 dziko lino linakhala ndi lamulo la Data Protection Act, kuwonjezera pa Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016. Tinaonanso zimene timasunga za makasitomala. Manambala a makhadi sanafikepo pa seva yathu, poti amalembedwa pa tsamba la kampani yolandirira ndalama. Tinalola kugula popanda kutsegula akaunti, ndipo tinalemba tsamba lofotokoza m'Chichewa ndi m'Chingerezi zimene timatenga ndi chifukwa chake.

Mu Seputembala chaka chomwecho kunabuka mkangano pakati pa Automattic, motsogozedwa ndi Matt Mullenweg, ndi kampani ya hosting ya WP Engine. WP Engine inatsekeredwa ku maseva a WordPress.org kumene ma update amachokera, mpaka khoti la ku America linalamula mu Disembala kuti atsegulidwe. Mwana wawo wa ku UK anandilembera kufunsa ngati sitinalakwitse posankha WordPress. Shopu yathu sinakhudzidwe, poti siinali ku WP Engine. Koma funso lake linali la nzeru, chifukwa mkanganowo unaonetsa kuti ngakhale code ili poyera, njira imene imafikira kwa ife ili m'manja mwa anthu ochepa. Ndinamuyankha kuti code, database ndi zithunzi zonse zili pa seva imene mayi ake amalipira, backup imapita malo ena usiku uliwonse, ndipo katundu ndi maoda timazitulutsa mu CSV mwezi ndi mwezi. Kutafunika kusamuka, tingasamuke ndi zonse.

Webusaitiyo sinalowe m'malo mwa WhatsApp, ndipo sindikuona kuti idzatero. Ogula ambiri amayambabe ndi moni ndi mafunso pa foni. Chimene chinasintha n'chakuti mtsikana uja satumizanso zithunzi makumi angapo kwa munthu aliyense. Amatumiza linki, munthu amasankha, kulipira, ndipo oda imalembeka yokha pamodzi ndi malongosoledwe a njira. Ogula a kunja amalipira ndi khadi pa mtengo wa m'makwacha, banki yawo n'kusintha yokha, ndipo nkhani ya mapaundi ndi marandi sinabukenso.

Kumayambiriro kwa 2025 ndinapeza ntchito ina ku Lilongwe yondidyera nthawi yonse. Shopu ndinaisiya m'manja mwa mtsikana wina wa pa gulu lathu lija, amene anali atangomaliza maphunziro a kompyuta. Ndinamupatsa chikalata chofotokoza mapulagini amene alipo ndi chifukwa chake, tsiku lolipira domain ndi hosting, ndi kayesedwe ka ma update pa seva yoyesera asanawaike pa yeniyeni. Mapasiwedi anakawatenga kwa mayiwo, poti ndi awo. Mwezi woyamba anapeza kuti pulagini ya cache yasiyidwa ndi mwini wake, n'kuika ina popanda kundifunsa. Kampani yolandirira ndalama itatulutsa pulagini yogwira ndi ma block, anasamutsanso checkout.

Pakali pano mayiwo akuganiza zotsegula nthambi ku Lilongwe. Shelefu ya tepi yachikasu singagwire ntchito pa mashopu awiri otalikirana choncho, ndipo padzafunika POS, pulogalamu yolembera malonda pa kauntala, yowerenga sitoko ya malo onse awiri. Mtsikana amene akuisamalira pano akuyesa Odoo Community pambali, komanso mapulagini a POS a WooCommerce, ambiri mwa iwo olipira m'madola. Anagwirizana ndi mayiwo kuti nthambiyo iyambe yayenda miyezi ingapo ndi kope lakelake, adzaliwerenge, kenako adzasankhe.